Kutseka jeti pa Chivero kukazizira, ndi kuitsegulanso mu Sepitembala

Amene muli ndi abale ku Canada kapena ku Minnesota mwina munaonapo pa foni mmene eni majeti (maulalo a pagombe okochezapo maboti) kumeneko amachitira chaka chikamapita kumapeto. Ikafika Okutobala amazula jeti yonse m'madzi, chigawo ndi chigawo, n'kuiunjika kumtunda mpaka Epulo kapena Meyi. Nyanja zawo zimaundana. Madzi akamaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo ayezi akayamba kusuntha ndi mphepo amapinda ngakhale mizati yachitsulo. Amene jeti yawo ndi yosazulika amaika makina otakasa madzi kuti pozungulira mizati pasaundane.

Kuno ku Harare zimenezo sizitikhudza. Mu Juni ndi Julayi kumazizira ndithu, m'madambo udzu umacha utayera ndi chisanu, koma nyanja yathu ya Chivero siundana. N'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti jeti ya kuno ilibe nyengo: alendo akachepa mu Meyi amangokhoma loko pageti n'kudzabwerako kukafunda. Ine ndimasamala jeti cha kumpoto kwa nyanjayi, ntchito imene ndinaphunzira kwa malemu bambo anga, amene anakulira m'mabwato ku Nkhotakota asanabwere kuno. Majeti ambiri amene ndawaona atathyoka anawonongeka m'miyezi imeneyi, pamene panalibe wowayang'ana. Chimene chimaphwanya jeti yathu ndi madzi amene amatsika ndi kukwera pamene unyolo uli momwe anausiyira.

Chivero ndi damu. Analimanga mu 1952 potseka mtsinje wa Manyame, makilomita oposa 30 kuchokera m'tauni mukatenga msewu wa ku Bulawayo, ndipo achikulire ena amalitchulabe kuti McIlwaine. Madzi akumwa a mzinda wa Harare amachokera momwemu, kudzera kumalo oyeretsera madzi a Morton Jaffray. Mvula ikaleka cha mu Epulo mitsinje ya Manyame, Mukuvisi ndi Marimba imachepa mphamvu, pomwe mapampu akukokabe ndipo dzuwa nalo likumwa gawo lake. Madzi amayamba kubwerera m'mbuyo mpaka mvula idzayambe mu Novembala. Chaka cha mvula yabwino amatsika pang'ono. Chaka cha chilala, monga 2019 kapena 2024, malo amene munkamangirira boti amasanduka matope.

Ndiye musanagwire sipanala, khomani chikhomo. Pezani mtengo wowongoka wa bulugama, muulembe mizere ya penti yotalikirana masentimita 10, muukhome m'madzi pafupi ndi jeti pamalo oti boti silingaugunde. Sabata iliyonse, tsiku lomwelomwelo, werengani pamene madzi afika n'kulemba mu kope. Pakatha mwezi mudzadziwa kuti akutsika mofulumira bwanji, ndipo mudzadziwiratu sabata imene migolo yoyandamitsa jeti yanu idzakhudze pansi. Jambulaninso jeti yonse pa foni isanaphwasulidwe chilichonse, kuti podzabwezera musadzalimbane ndi kukumbukira.

Unyolo ndi anangula

Majeti ambiri pa Chivero ndi oyandama: matabwa pa felemu yachitsulo, felemuyo pa migolo, kamlatho kochokera kumtunda kolumikizidwa ndi mahinjesi, ndipo kunja kwake maunyolo opita kwa anangula a konkire. Zonsezi zimakhala bwino pa mlingo umodzi wa madzi. Jeti ili ngati mbuzi yapachingwe: chingwe chikatalika imazungulira n'kudzikola, chikafupika imadzipachika. Madzi akatsika unyolo umalendewera, jeti imayamba kupita uku ndi uku, ndipo mphamvu yonse ya mafunde imathera pa mahinjesi a kamlatho. Mahinjesiwo sanapangidwire ntchito imeneyo. Amayamba kulira, chibowo cha pini chimakula, kenako powotcherera pamang'aluka.

Choncho kuyambira Meyi, madzi akatsika ndi mizere iwiri kapena itatu pa chikhomo chija, fupikitsani unyolo. Musaukokeretu kuti uchite kuuma. Muusiye woti mukaugwira pakati n'kuukweza uzimvera pang'ono, chifukwa kulemera kwa unyolo wolendewera ndiko kumachepetsa kugunda kwa funde. Ngati muli ndi anangula awiri, maunyolo awo apingasane pansi pa jeti, wa kumanja upite kwa nangula wa kumanzere, wa kumanzere upite kumanja. Jeti yomangidwa chotere siyenda cham'mbali.

Gombe likakhala losatsetsereka kwambiri, kufupikitsa kokha sikukwanira. Jeti yonse iyenera kulondola madzi. Mumamasula kamlatho, kukankhira jeti kwakuya, kusuntha anangula, n'kukhomanso zikhomo za kumtunda. Chitani zimenezi pansi pa migolo pakadali madzi ofika m'mawondo. Mgolo ukakhala pansi pamwala, funde lililonse limaukweza n'kuugwetsera pamwalapo, ndipo sipatenga nthawi kuti ubooke.

Unyolo muutulutse wonse kamodzi pachaka, ndipo nthawi yake ndi yomweyi. Gawo lapamwamba limene mumaliona tsiku ndi tsiku limanamiza. Umadyeka kwambiri kumunsi, pamene umakhuzika pamchenga ndi pamiyala, komanso m'kati mwa mphete iliyonse pamene ziwiri zimalumana. Tsukani matope, mupinde mphete ziwiri kuti muone m'katimo. Chaka chatha ndinali ndi mwana wa mlongo wanga, amene amabwera kuchokera ku Mufakose kudzandithandiza Loweruka. Atakoka unyolo mpaka kumapeto anaima n'kunena kuti, "Amalume, taonani apa." Mphete zitatu za pafupi ndi nangula zinali zonyezimira, zosalala, zitachepa mpaka theka la zinzake, pomwe unyolo wonse wapamwamba unali ndi dzimbiri lochepa chabe. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, dzimbiri likamaoneka usamaope kwambiri, uziopa pamene pakunyezimira." Ine mphete ikachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi ndimadula gawo lonselo. Shackle iliyonse, kachitsulo kopindika kolumikizira unyolo, muimasule, muipake girizi, muimangenso, ndipo pini yake muimange ndi waya kuti isadzimasule yokha ndi kugwedezeka.

Pa anangula dziwani ichi: konkire imapepuka m'madzi. Chibuma cha makilogalamu 100 chikamira chimatsala ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 60. Amene amaumba nangula woti anthu awiri anyamule mosavuta amadabwa kupeza jeti itamukoka mu Ogasiti. Ngati wanu anasuntha chaka chatha, umbani wina ndipo muwalumikize awiri motsogozana.

Ntchito za m'madzi muzigwira dzuwa litakwera, cha m'ma 10 koloko mpaka 2 koloko, ndipo musakhale nokha. Mu Chivero muli ng'ona, ndipo m'nyengo yozizira zimakonda kuwothera dzuwa m'mbali mwa madzi. Mmodzi azigwira ntchito, wina maso ali pamadzi. Valani majombo ndi magolovesi, mukatuluka sambani ndi sopo. Madzi a m'mphepete, a zitsamba ndi nkhono, ndi amene amapatsa likodzo, ndipo bala laling'ono la waya limatukusira msanga m'madzi amenewa.

Migolo

Mgolo wa malita 200 ukamira wonse umanyamula makilogalamu pafupifupi 200, kuchotsapo kulemera kwake. Jeti yabwino ikakhala yopanda munthu, migolo yake isamire kufika theka. Tsono mgolo umodzi ukalowa madzi mpaka pakati, pakona imeneyo mwataya makilogalamu 100, ndiye kuti munthu wamkulu ndi mwana. Imani kumtunda m'mawa madzi ali bata, muyang'ane mzere wa matabwa poyerekeza ndi madzi. Kona imene yazyolika ili ndi mgolo wodwala.

Kuti muupeze, gogodani uliwonse ndi chigwiriro cha sipanala pamwamba pa mzere wa madzi. Wouma umalira mokweza ndipo kulirako kumapitirira pang'ono. Wamadzi umangoti phu, n'kutha. Mukaukankha ndi phazi mumamva madzi akukhavuka m'kati.

Anthu amadabwa kuti mgolo wopanda chibowo umalowa bwanji madzi. Nyengo yozizira ndiyo imachititsa. Masana dzuwa limautenthetsa, mpweya wa m'kati umafufuma n'kutuluka pa chitsekerero ngati labala yake yatha. Usiku kukazizira mpweyawo umanyala, mgolo n'kuyamba kuyamwa. Chitsekerero chikakhala pafupi ndi madzi, umayamwa madzi, pang'onopang'ono usiku uliwonse mpaka Ogasiti. Choncho tulutsani mgolo, khuthulani, uume padzuwa, sinthani labala, mumange chitsekerero ndi phula losalowa madzi, ndipo poubwezera muutembenuze kuti zitsekerero zonse ziwiri zikhale pamwamba pa madzi. Musanaubwezere pakani thovu la sopo pa chitsekerero n'kuukhalira. Thovu likatukumuka, ndiye kuti mpweya ukutulukabe.

Migolo yachitsulo ine sindiikonda pa Chivero. Imadyeka pa mzere wa madzi ndipo imabooka mosachenjeza. Yapulasitiki yabuluu imapezeka ku msika wa Siyaso ku Mbare, koma funsani chimene chinalimo, muinunkhize, ndipo ya mankhwala a m'munda kapena oyilo muisiye. Madzi amene mgolo wanu ukhalemo ndi omwe ana athu akumwa ku Highfield ndi ku Dzivarasekwa. Onaninso zomangira. Chingwe chapulasitiki chimapsa ndi dzuwa: mukachipotokola n'kuona chikutulutsa fumbi kapena tiulusi tothothoka, chatha ngakhale chikuoneka chathunthu.

Matabwa, mabawuti ndi magetsi

Juni ndi Julayi kulibe mvula, matabwa amauma bwino, ndiye nthawi yopaka mankhwala ndi imeneyi. Yambani mwakwecha ndere ndi zitosi za mbalame ndi bulashi yolimba. Kenako yendani thabwa ndi thabwa mukubaya ndi sikuludiraiva, makamaka kumapeto ndi pozungulira bawuti, pamene madzi amakhalitsa. Ikalowa mosavuta, thabwalo lavunda m'kati, lichotseni. Amene mukuwapaka muwamasule n'kukawapakira kumtunda pa lona, aume kaye asanabwerere pamwamba pa madzi. Oyilo wakutha wa galimoto musapake. Ndikudziwa kuti ndi wotchipa ndipo ambiri amatero, koma amatsikira m'nyanja ndipo thabwa limaterera likanyowa.

Matabwa akauma amanyala, mabawuti n'kukhwefuka. Mangani onse, ndipo amene adyeka muikepo a galvanized, osachita dzimbiri msanga, okhala ndi mawashala aakulu. Misomali yotuluka muizule, muike masikuluwu. Ngati jeti yanu ndi ya mizati ya bulugama yokhomedwa pansi, dikirani Sepitembala kapena Okutobala madzi atatsikitsitsa, muone gawo limene limanyowa ndi kuuma mosinthasintha, chifukwa mzati umavundira pamenepo. Mizati ya kumtunda imene madzi aithawa muionenso chiswe.

Magetsi muwazimitsire ku swichi yaikulu ya kumtunda, osati pa jeti pokha, ndipo mawaya ongoyala muwakulunge n'kukasunga m'nyumba. Apa sipofunika kuchita mwachidule. Waya wosupuka akakhudza felemu yachitsulo, magetsi amalowa m'madzi ozungulira, ndipo munthu amene ali m'madzimo amauma manja ndi miyendo n'kumira osakuwa n'komwe. Batire ndi panelo ya sola muchotse, chifukwa ndi zimene akuba amayambira. Makwerero, zoyatsira nyama ndi matayala otchingira boti nazonso zilowe m'nyumba.

Boti litulutseni m'madzi ngati simuligwiritsa ntchito. Likasiyidwa pa jeti, mphepo imalikoka ndipo ilo limakoka jeti. Liikeni pa tirela mutu uli m'mwamba, chotsani pulagi ya kumbuyo kuti madzi atuluke, ndipo pulagiyo muimangirire pa chiwongolero kuti musadzaiiwale. Petulo wa kuno ndi wosakaniza ndi ethanol, amene amakoka chinyezi, ndipo akakhalitsa amatseka tinjira ta mu kabuleta. Chotsani paipi ya mafuta injini ikulira, madzi oiziziritsa akuyenda, mpaka izime yokha. Tsitsani oyilo wa mu giyabokosi ya kumunsi: akatuluka wotuwa, mwalowa madzi, ndipo zotsekera zake zifunika mekaniki. Injini muisiye choimirira. Phimbani ndi lona koma musiye polowera mpweya, ndipo muzisuzumiramo, poti makoswe amakonda mawaya ndi masiponji a mipando.

Ogasiti

Mwezi umenewu ndi umene umayesa ntchito yanu. Mphepo imalimba, yambiri yochokera kum'mawa ndi kumwera, imene bambo anga ankangoitcha mwera ngakhale tili kutali ndi nyanja ya kwawo. Payokha mphepo jeti imaipirira. Choopsa ndi namasupuni. Chomera chimenechi kwawo ndi ku South America, ndipo m'madzi a chonde chambiri ngati a Chivero chimatha kuchulukana kawiri m'masabata awiri okha kukafunda. Mphepo imachisonkhanitsa kukhala chilumba choyandama, n'kuchikankhira kugombe limodzi usiku umodzi. Chilumba chotere chikatsamira jeti, kulemera kwake konse kumapita pa unyolo ndi pa mahinjesi.

Ine ndimaika chotchinga kumbali yochokera mphepo: mitengo ya bulugama yolumikizana ndi unyolo, yoyandama, yokhala ndi nangula wakewake, yoikidwa mopendeketsa kuti namasupuni azitsetserekera kunja m'malo mounjikana. Musachimangirire ku jeti, chifukwa mukatero mwangopatsa jeti katundu yemweyo. Namasupuni amene wadutsa muzimukokera kumtunda ndi chingowe, aume kutali ndi madzi. Kumukankhira kwakuya n'kungopatsira mnzanu wa jeti yotsatira, ndipo mawa mphepo ikatembenuka abweranso.

Kumtunda nako udzu umakhala wauma. Lambulani mozungulira shedi, tirela ndi poyambira kamlatho moto wolusa usanayambe. Malamulo a dziko lino amafuna mpata wotchinga moto wa mamita 9 m'lifupi, ndipo boti la fibreglass likagwira moto silizimitsika ndi ndowa.

Kutsegula

Mitengo ya musasa ikatulutsa masamba ofiira kumapeto kwa Ogasiti, mafoni amayamba kulira, eni maboti akufunsa ngati angabwere Loweruka. Musalole kuti tsiku loyamba la alendo likhalenso tsiku loyesera jeti. Tsegulani pakati pa sabata, muli anthu awiri kapena atatu.

Yambani kumtunda. Onani zikhomo za kamlatho ngati sizinagwedezeke, mupake girizi m'mahinjesi, muone powotcherera paliponse ngati palibe kamzere ka dzimbiri, poti mng'alu umayamba kuoneka chotero. Suzumirani pansi pa matabwa musanalowetse dzanja, mavu ndi njoka zimakhala zitapezapo malo. Madzi atatsika chonchi kamlatho kamakhala kotsetsereka kwambiri, ndiye khomani timatabwa topingasa poponda kuti agogo ndi ana asaterereke. Kenako nonse imani pakona imodzi, mupite pa ina, mpaka zonse zinayi. Kona ikamira kuposa zinzake, bwererani ku migolo. Yezani kuya kwa madzi ndi nsungwi kumapeto kwa jeti ndi m'njira yolowera boti, ndipo zitsa ndi miyala imene yayandikira pamwamba muiike chizindikiro cha botolo loyandama.

Magetsi ayatsidwe ndi munthu wodziwa ntchito yake, ndipo pakhale earth leakage ya 30 mA, swichi yozimitsa yokha magetsi akamathawira kunja kwa waya, yoyesedwa ndi batani lake pamaso panu. Ngakhale zonse zili bwino, pafupi ndi jeti ya magetsi pasasambe munthu.

Boti libwezereni pulagi lisanatsike pa tirela. Thirani petulo watsopano, lizani injini ili m'madzi, muone ngati kamkodzo ka madzi oziziritsa kakutuluka mwamphamvu kumbuyo. Kakakhala kofooka zimitsani, impeller, kalabala kopopa madziwo, yauma ndi kukhala. Mapepala a boti ndi chilolezo cha ku ZimParks, amene amayang'anira paki ya Chivero, muone ngati sizinathe.

Majekete odzitetezera pamadzi muwatulutse onse, muwawerenge, mukoke lamba aliyense, ndipo pakhale a misinkhu ya ana. Lembani ndi penti pa boti ndi pageti la jeti chiwerengero cha anthu oyenera kukwera. Ife a pa Chivero sitiiwala Khirisimasi ya 2011, pamene boti lodzaza mopitirira muyeso linatembenuzika ndipo ana 11 anamira. Amene waima pa jeti ndiye womaliza amene angathe kunena kuti, "Pepani bambo, ana awa adikire ulendo wachiwiri," ndipo ayenera kunena ngakhale mwini boti atakwiya.

Yang'ananinso mtundu wa madzi. Kukatentha mu Okutobala, pamwamba pamatha kuyala ndere zobiriwira zowirira, zonunkha, zimene zina mwa izo zili ndi poizoni. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi za m'paki zinafa zitamwa madzi otere, nsomba zambiri zinayandama, ndipo usodzi unaimitsidwa. Mukaona madzi asanduka chotero, ana ndi agalu asayandikire, matabwa musatsukire madzi amenewo, ndipo funsani kwa a paki ngati kuwedza kuli kololedwa musanauze alendo kuti abwere ndi mbedza.

Ntchito yomaliza ambiri amaiphonya chifukwa imabwera jeti itatsegulidwa kale. Unyolo uja munaufupikitsa miyezi yonseyi uyenera kubwezeredwa. Mvula ikagwa yamphamvu cha ku Seke ndi ku Chitungwiza, Manyame amadzaza, ndipo nyanja imatha kukwera m'masiku ochepa kuposa mmene inatsikira mwezi wathunthu. Unyolo waufupi umakokera mutu wa jeti pansi pa madzi, ndipo mtsinje umabwera ndi zipika, mapulasitiki ndi namasupuni watsopano. Mitambo ikayamba kusonkhana kumayambiriro kwa Novembala, masulani mphete zingapo pa unyolo uliwonse, konzani zikhomo za kumtunda zoti mudzakokerepo kamlatho pobwerera, ndipo chikhomo chanu cha mizere muyambe kuchiwerenga m'mawa uliwonse mpaka mvula idzathe.